Dzimbiri lobwerabwera pa timfuti takale ta m'thumba: komwe limachokera ndi mmene mungalithetsere

Mwapukuta, mwapaka mafuta, mwakulunga kamfuti kanu m'nsalu n'kukaika m'kabati. Patangopita milungu ingapo, timadontho tofiira tija tatulukanso, pamalo omwe aja: m'kamwa mwa mabowo a silinda (kachitsulo kozungulira kolowamo zipolopolo), pansi pa hamala (kachitsulo komenya kuti mfuti ilire), m'mphepete mwa chigwiriro. Pafupifupi aliyense amene amasonkhanitsa mfuti zakale za volovolo zokwana m'thumba amakumana nazo zimenezi, ndipo ambiri amathamangira kuwonjezera mafuta ndi kukwecha mwamphamvu kuposa poyamba. Zonse ziwirizi sizithandiza. Dzimbiri likamabwerera pamalo amodzimodzi ndiye kuti pali chimene chikulidyetsa, mwina mchere wobisala m'chitsulo, mwina chinthu chimene mfutiyo yagonera. Mafuta amangophimba pamwamba. Kukwecha nako kumachotsa khungu limene mfutiyo inachoka nalo ku fakitale, ndipo limenelo likapita lapita.

Musanayambe chilichonse

Choyamba, tsimikizani kuti mulibe kanthu m'kati. Timfuti ngati Colt Model 1849 Pocket, timene tinapangidwa oposa 300,000 pakati pa 1850 ndi 1873, tinkathiridwa onga ndi chipolopolo cha mtovu kuchokera kutsogolo kwa silinda, choncho simungasuzumire kumbuyo n'kuona kuwala. Tengani kamtengo kowongoka, kalowetseni pang'onopang'ono m'bowo lililonse, ikani chizindikiro pamene kalekezera, kenako kayerekezeni ndi kutalika kwa silinda kunja kwake. Bowo limene lafupika kuposa anzake litengeni kuti lili ndi onga. Onga wakuda sukalamba, umayakabe ngakhale utakhalamo zaka 150. Musaboole, musatenthe, musawiritse. Pitani nako kwa katswiri wokonza mfuti amene ali ndi chiphaso. Timfuti ta mtundu wa Lefaucheux, tokhala ndi makatiriji (tizigoba tokhala ndi onga ndi chipolopolo pamodzi) a kamsomali kotulukira m'mbali, timafuna kusamala koposa, chifukwa kamsomali kaja kakangogundidwa katiriji imaphulika.

Chachiwiri ndi lamulo, ndipo limasiyana dziko ndi dziko. Ku America, lamulo la boma lalikulu limatenga mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyomo ngati chinthu chakale chabe. Ku Britain malamulo anasintha mu 2021: makatiriji asanu ndi awiri anachotsedwa pa mndandanda wa akale, kuphatikizapo .320 British ndi .442 Webley. Izi zinakhudza ma British Bull Dog ambiri, timfuti tonenepa tija timene a Webley a ku Birmingham anayamba kupanga mu 1872, kotero kuti amene poyamba ankangotisunga ngati chokongoletsa tsopano ayenera kukhala ndi chiphaso. Ngati mwapeza kamfuti kotere m'sutikesi ya agogo ku Malawi, ku Zambia kapena ku South Africa, musaganize kuti ukale wake ukutetezani. Funsani apolisi musanatuluke nako pakhomo.

Ndipo zonse zimene ndikulemba pano n'zosungira, osati zokonzera kuwombera. Katiriji ya .22 Short ya masiku ano imalowa bwinobwino mu Smith & Wesson Model 1 ya 1857, koma onga wa lero ndi wamphamvu kuposa umene chitsulo chija chinapangidwira. Silinda zambiri zinang'aluka chifukwa cha chidwi chongofuna kumva kulira kwake kamodzi.

Yang'anani pamene dzimbiri latulukira

Malo ake ndi amene amakuuzani gwero. Musanapukute, jambulani ndi foni pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa mukapukuta umboni watha.

Likakhala m'mabowo a silinda, m'kati mwa mpope, kumaso kwa silinda kapena mozungulira timawere ta kumbuyo kwa silinda tovekapo makapu (tizisoti toyatsira onga), vuto ndi mchere. Onga wakuda ukayaka umasiya mwaye wokoka chinyezi. Choipa kwambiri chinali m'makapu ndi m'mapulaima (toyatsira onga ta m'makatiriji) akale, amene ambiri anali ndi potassium chlorate. Mankhwala amenewa akaphulika amasiya potassium chloride, mchere weniweni, umene umalowerera m'timaenje ta chitsulo. Mukudziwa mmene mchere wa m'khitchini umanyowera wokha m'dzinja ngakhale palibe amene wathiramo madzi. Ndi zomwezo zimachitika m'timaenje tija: mchere umakoka madzi mu mpweya, madzi amadya chitsulo, kaenje kamakula, mcherewo n'kukhalabe pompo kudikira chinyezi china. Mwini wake woyamba mwina anawombera komaliza mu 1880 osatsuka, koma mchere wake ukugwirabe ntchito lero.

Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi yakuti mchere susungunuka m'mafuta. Umasungunuka m'madzi. N'zovuta kukhulupirira kuti mankhwala a dzimbiri ndi madzi, koma asilikali a nthawi imeneyo ankatsuka mfuti zawo ndi madzi otentha pa chifukwa chomwechi. Chotsani chigwiriro kaye ndi chilichonse cha mtengo. Chotsani mafuta akale ndi acetone kapena white spirit kuti madzi afike pachitsulo. Kenako tsukani silinda ndi mpope m'madzi otentha kwambiri okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, pogwiritsa ntchito burashi ya nayiloni. Madzi abwino ndi osefedwa aja amene amagulitsa othira m'mabatire a galimoto, koma onetsetsani kuti ndi madzi okhaokha, osati asidi. Madzi a pampopi kapena a pachitsime amabwera ndi mchere wawo. Tsukuluzani kawiri kapena katatu, madzi atsopano nthawi iliyonse. Chitsulo chikatuluka chili chotentha chimauma chokha pamwamba, koma m'mabowo a masikuluwu ndi m'makona mumatsala madzi, choncho thiranimo sipiriti wa methylated n'kuumitsa ndi makina oumitsira tsitsi. Musachedwe kupaka chotetezera, chifukwa chitsulo chopanda mafuta chimayamba kufiira ola lisanathe. Ngati timaenje n'takuya, kutsuka kamodzi sikukwana. Dontho likabwereranso pakatha mwezi, tsukaninso pomwepo.

Pali njira ina imene okonza ambiri amaikonda, yowiritsa. Chitsulo chochotsedwa mafuta chikawira m'madzi osefedwa kwa mphindi 30 mpaka 45, dzimbiri lofiira limasanduka lakuda, lotchedwa magnetite, limene silifalikira. Mukachivuula chimaoneka ngati chapakidwa mwaye. Mumapukuta mwayewo ndi steel wool (tiwaya topyapyala tokwechera) yofewa kwambiri ya 0000 yochotsedwa mafuta, pansi pake n'kupeza chitsulo chakuda chosalala, zilembo zili zonse. Njirayi imachotsanso mchere nthawi yomweyo. Ine ndimaiona kuti ndi yoyenera kamfuti ka chitsulo chokhachokha kamene khungu lake linatha kale ndipo kafiira thupi lonse, monga ma Bull Dog otchipa aja amene ankapangidwa mwaunyinji ku Liège, mzinda wa ku Belgium. Kamfuti kokutidwa ndi nickel kapena siliva, kokhala ndi golide, kapena kamene fulemu yake idakali ndi mitundu ya mawangamawanga ija ya ku fakitale, musakawiritse.

Dzimbiri likakhala mbali imodzi yokha, kapena likutsatira msoko kapena mzere winawake, yang'anani pamene mfuti imagona. Chikwama chachikopa ndiye mdani wamkulu. Chikopa chimasunga chinyezi, chili ndi asidi wochokera ku mankhwala ofufutira, ndipo pa bulasi chimabala zobiriwira zonata zija. Zobiriwirazo zichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano ndi thonje lonyowetsa white spirit, basi. Mabokosi akale nawonso ali ndi vuto lawo. Ambiri a ku England anali a mtengo wa oak, umene umatulutsa asidi wa mtundu wa viniga, ndipo nsalu yaubweya yoyala m'kati imatulutsa sulufule wodetsa siliva. Siponji ya m'mabokosi amakono imamwa chinyezi n'kuchikanikiza pachitsulo. Bokosi loyambirira ndi chuma, nthawi zina limakweza mtengo wa mfuti kwambiri, choncho musalitaye kapena kulisintha nsalu. Ingolekanitsani: chikwama pachokha, mfuti payokha. Ngati mukufunitsitsa kuti izionekera m'bokosi lake, yalani kapepala ka polyester koonekera kapena pepala lopanda asidi pakati pa chitsulo ndi nsalu.

Malo achitatu, amene anthu sakonda kuwafufuza, ndi pansi pa chigwiriro. Mzere wofiira ukamatsatira m'mphepete mwa chigwiriro, chimene mukuona kunjacho n'chochepa, zambiri zili m'kati. Mtengo wa walnut kapena rosewood umamwa chinyezi n'kuchisunga pa fulemu. Zigwiriro za labala wolimba wakuda, zimene zinafala kuyambira m'ma 1870 pa timfuti ta Smith & Wesson, Iver Johnson, Harrington & Richardson ndi Hopkins & Allen, zili ndi sulufule wambiri. Zikakhalitsa pa dzuwa zimatuwa n'kukhala zofiirira, ndipo pamwamba pake pamapangika asidi amene akakumana ndi chinyezi amadya chitsulo choyandikana nacho. Zigwiriro za celluloid, zija zooneka ngati mnyanga wa njovu koma si mnyanga, zikayamba kuwola zimatulutsa mpweya wa asidi wokhoza kuwononga mfuti zonse za m'kabati imodzi. Zikayamba kung'aluka timing'alu tambirimbiri, kunata kapena kununkha mowawasa, zichotseni lero lomwe n'kuzisunga kutali.

Pochotsa chigwiriro musatokose ndi mpeni. Masulani sikuluwu pang'ono, kankhani mutu wake mofatsa kuti mbali ya kuseri itakasuke, kenako mbali yotsalayo muikankhe kuchokera m'kati. Labala wakale amathyoka ngati mwamufinya pakona. Pa Colt 1849 chigwiriro ndi chimodzi chathunthu, chimatuluka mukamasula masikuluwu a kachitsulo ka kumsana. Mukachichotsa, yang'anani m'kangalande kake musanapukute. A Colt ankalembamo ndi inki manambala omaliza a mfutiyo, ndipo a Smith & Wesson ankadinda nambala m'kati mwa chigwiriro. Timanambala tozimiririka timeneti ndi umboni wakuti chigwirirocho n'chake chenicheni, ndipo nsalu imodzi ya sipiriti ingathe kutifufuta. Fulemu ya pansi pake itsukeni, iumitseni, ipakeni phula. Musathirepo mafuta, chifukwa mtengo umawamwa, umada bii n'kufewa. Zigwiriro zambiri zakale zimene zinagumuka m'makona zinaphedwa ndi mafuta a eni ake achikondi.

Nickel yotukusira

Timfuti tambiri ta m'thumba ta ku America ta m'ma 1870 ndi 1880 tinakutidwa ndi nickel, chifukwa tinkakhala m'matumba momwe muli thukuta. Nickel payokha sichita dzimbiri, koma ikangokalika chinyezi chimalowa pansi pake, chitsulo chimatupa, nickel n'kutukusira ngati thuza, kenako n'kugwa. Apa palibe njira yochiritsiratu, ndipo ndibwino kuvomereza zimenezo msanga. Chimene mungathe n'kuimitsa kufalikira. Musasende matuzawo ndi chikhadabo. Musagwiritse steel wool, imasiya mikwingwirima yosachoka ndipo imakola m'mphepete mwa nickel n'kuinyamula. Pewani mankhwala otsukira mpope okhala ndi ammonia, chifukwa amadya mkuwa ndi bulasi, ndipo pamene pansi pa nickel pali mkuwa amalowerera n'kuitakasa. Pamalo pamene chitsulo chaonekera, nyowetsani ndi mafuta opepuka, dikirani tsiku, palani dzimbiri lotukuka ndi kamtengo kolimba kapena kachidutswa ka bulasi kosongola, pukutani mafutawo ndi white spirit, n'kutseka ndi phula.

Ena amakakutitsanso nickel yatsopano. Ndimawapempha kuti asatero. Wokuta amayamba wapera chitsulo pa makina kuti chisalale, ndipo makona akuthwa amabulungika, mabowo a masikuluwu amakhala ngati timbale, zilembo zimafufutika theka. Munthu wodziwa amazindikira ali chapatali, ndipo kamfuti konyezimira koteroko kamagulidwa motchipa kuposa kanzake kamene katsala ndi theka la nickel yake yoyamba.

Zimene zimachotsa dzimbiri pamodzi ndi mbiri

Viniga, mandimu, Coca-Cola, mankhwala oviika ngati Evapo-Rust ndi njira yoviika chitsulo m'madzi odutsitsamo magetsi zonse zimachotsadi dzimbiri. Vuto n'lakuti khungu lakuda lobiriwira la mfuti nalonso ndi mtundu wa dzimbiri, lopangidwa dala ku fakitale, ndipo mankhwalawa sasankha. Mumavuula chitsulo chotuwa mbuu, timaenje tonse tili poyera. Sandipepa ndi burashi ya waya ya pa makina ndiye zoopsa kuposa pamenepo. Pa silinda ya Colt 1849 pali chithunzi cha achifwamba akuukira ngolo ya akavalo, chojambulidwa ndi W. L. Ormsby n'kudindidwa mosazama kwenikweni. Osonkhanitsa amayesa mtengo wa mfutiyo poona kuchuluka kwa chithunzi chimene chatsala, ndipo mphindi zochepa za sandipepa zimachimaliza. Chimodzimodzi tizidindo tosonyeza kuti mfuti inayesedwa. Kamfuti ka ku Belgium kamakhala ndi zilembo ELG m'kati mwa kachizunguliro kooneka ngati dzira, ndipo kachizunguliro kokhala ndi chisoti chachifumu pamwamba kanayamba mu 1893. Pa timfuti tambiri ta ku Liège topanda dzina la wopanga, kachisoti kakang'onoko kamathandiza kudziwa zaka zake. Brasso nayo isafike pa bulasi ya Colt kapena pa fulemu ya Model 1 yoyambirira: zinakutidwa siliva wopyapyala, ndipo kuda kumene mukufuna kuchotsako nthawi zambiri ndi siliva yemweyo.

Mankhwala a m'botolo odetsera chitsulo popanda kutentha, otchedwa cold blue, ndi gwero lina la dzimbiri lobwerabwera. Ali ndi asidi, ndipo akapanda kutsukuluzidwa bwino amapitiriza kudya. Ngati mwagula kamfuti kakuda kosawala, konunkha ngati mazira owola kapena ndalama zachitsulo, ndipo kakufiira thupi lonse mofanana, n'kutheka kuti wogulitsa anakapaka amenewa. Katsukeni ndi madzi otentha monga tafotokozera.

Komanso si chofiirira chilichonse chimene chili mdani. Khungu losalala la mtundu wa khofi limene chitsulo chimavala m'zaka zambiri ndi lokhazikika, ndipo ogula amalikonda. Tengani nsalu yoyera, donthezanipo mafuta pang'ono, pukutani kamodzi. Ikatuluka ndi mtundu wa lalanje, ndipo chala chikumva timiyala, dzimbirilo ndi lamoyo. Ikatuluka yoyera kapena yongodetsedwa pang'ono, siyani momwemo.

Sikuluwu ikakana

Kuti mutsuke bwino pamafunika kumasula, ndipo apa ndi pamene timfuti tambiri timavulala. Sikuludilaiva wamba ali ndi nsonga yotsetsereka, imatumphuka n'kung'amba kamzere ka sikuluwu. Pezani ya okonza mfuti, kapena perani yanu kuti idzaze kamzereko m'lifupi ndi m'litali mwake popanda kugwedera. Tokosani litsiro m'kamzere kaye. Donthezani mafuta olowerera ngati Kroil, kapena palafini, n'kusiya masiku angapo mukudonthezanso. Kugogoda pang'ono pa chigwiriro cha sikuludilaiva kumathandiza kuthyola dzimbiri la m'mazinga. Ikakanabe, isiyeni, mutsuke mozungulira. Mazinga a masikuluwu amenewa sanali ofanana fakitale ndi fakitale, makamaka ku Liège kumene amisiri ankagwirira m'nyumba zawo, choncho yothyoka simungaigule m'sitolo, iyenera kusulidwa pamanja. Jambulani chilichonse musanachichotse.

Silinda ikakana kuzungulira, nthawi zambiri ndi mafuta akale amene anauma ngati ulimbo. Viikani m'palafini, chigwiriro mutachotsa. Musakoke hamala mokakamiza, timasipuling'i take n'topyapyala ndipo tatopa. Musamawomberenso mfuti yopanda kanthu pofuna kuona ngati ikugwira: hamala imaphwanya timawere ta makapu, ndipo pa timfuti ta .22 ndi .32 rimfire (ta makatiriji omenyedwa m'mphepete) imatindika m'mphepete mwa mabowo a silinda.

Phula ndi mpweya wa m'kabati

Mfuti yosungidwa, yosawomberedwa, imatetezeka bwino ndi phula kusiyana ndi mafuta. Mafuta amayenderera, amakola fumbi, amauma. WD-40 ndi yabwino pothamangitsa madzi mukangotsuka, koma si yodalira kwa miyezi. Nyumba zosungira zinthu zakale zimagwiritsa ntchito phula la microcrystalline, ndipo lodziwika kwambiri ndi Renaissance Wax, limene linapangidwa m'malabotale a British Museum m'zaka za m'ma 1950. Chotsani mafuta onse, funditsani chitsulo pang'ono kuti phula lilowe m'timaenje, pakani mopyapyala kwambiri, pukutani ndi nsalu ya thonje. M'kati mwa makina ndi mu mpope ndi momwe mungasiye kadontho ka mafuta. Polishi ya nsapato ndi ya galimoto ayi, zili ndi utoto ndi zokwechera. Kuchokera apo gwirani ndi magolovesi a nitrile. Thukuta lili ndi mchere, ndipo chala chimodzi chimatha kudindika pachitsulo, mizere yake yonse kuoneka, osachokanso.

Kenako gulani kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, n'kukaika m'kabati momwemo, osati pakhoma la chipinda. Chinyezi chikapitirira 60 kapena 65 peresenti, chitsulo chimachita dzimbiri msanga. Chikatsika kwambiri pansi pa 40, mtengo ndi mnyanga zimanyala n'kung'aluka. Pakati pa 45 ndi 50 ndi pamene zonse ziwiri zimapirira. Silica gel, timibulu tomwa chinyezi, imathandiza pokhapokha kabati ikutsekeka bwino, ndipo imakhuta. Ikasintha mtundu iumitseni mu uvuni pa madigiri a Celsius pafupifupi 120. Timapaketi ta m'mabokosi a nsapato timene tinakhuta kalekale sitichita kanthu. Sefa yachitsulo yosungiramo mfuti isagunde khoma lakunja kapena kukhala pa simenti yopanda chotchinga. Ku Britain, kudenga ndi m'galaja ndi malo oipa chifukwa kuzizira kwa usiku kumagwetsa mame pachitsulo. Kwathu kuno miyezi yoopsa ndi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo okhala m'mphepete mwa nyanja yamchere ngati ku Durban kapena ku Beira ayenera kuyang'ana kawirikawiri chaka chonse.

Mukachita zonsezi koma kaenje kena n'kumatulutsabe ufa wofiira, ndiye kuti mchere walowa mozama kuposa pamene madzi a kunyumba angafike. Chotsani chigwiriro muchisunge pachokha pa chinyezi chapakati, chitsulocho muchitsekere m'kabokosi ka pulasitiki kosalowa mpweya pamodzi ndi silica gel yambiri yongouma kumene, kuti chinyezi chitsike pansi pa 20 peresenti. Pa mlingo umenewo dzimbiri limatsala pang'ono kuima. Tengani zithunzi zija munajambula poyamba, lembani zonse zimene mwapaka ndi kutsukira, mupite nazo kwa katswiri wosamala zitsulo zakale, chifukwa iye adzafuna kudziwa chimene chili pachitsulopo asanasankhe mankhwala ake.